Dontho la Sikisi Koloko

Che Fadili anasoka pakhonde la nyumba yawo ku Ndirande zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo m'zaka zonsezo panalibe munthu amene anawabwezera chovala kuti chakhota. Anali telala wa muyezo. Ukawauza kuti, "Ingoyerekezani, bambo, thupi langa mukulidziwa," ankakuyang'ana ngati wawatukwana, n'kuchotsa tepi m'khosi. Mawu awo anali amodzi chaka ndi chaka: muyezo ndi muyezo, sakambirana. Mikanjo ya theka la anthu a mumzikiti mwawo inatuluka pa makina awo, pamodzi ndi mayunifolomu a ana asukulu ndi masuti a akwati a kutchalitchi.

Ndiye maso anayamba kuwathawa, pang'onopang'ono, osatsanzika. Diso lamanzere linatsala ndi kampata kakang'ono pakati, moti munthu wobwera cha m'mbali ankangomumva mawu. Lamanja linachita chifunga. Nsalu yoyera ndi yotuwa zinasanduka chimodzi, ndipo bowo la singano linasoweratu. Akazi awo, dzina lawo Tatu, amene aliyense ankawaitana kuti Abiti Hussain, ndi amene ankawalowetsera ulusi. Ulusi ukaduka, pakhonde pankamveka kuti "Abiti," ndipo mayiwo ankasiya mtanda wa samusa zawo zogulitsa, n'kupukuta manja, n'kubwera. Tsiku lina anaitanidwa kokwana makumi awiri. Sanadandaule, koma samusa zinapserera.

Makasitomala sanakangane nawo. Anthu sachita zimenezo kwa munthu wamkulu. Amangokupatsa moni waulemu akudutsa, nsalu ili m'jumbo, ulendo wa kwa matelala a pamsika. Chovala chomaliza chimene Che Fadili anadula ndi kusoka okha chinali diresi labuluu la Abiti, la pa Idi ya chaka chatha. Abiti analiyamikira kwambiri ndipo ankalivala paliponse polemekezeka, ndiye mwini kusoka ankadzitonthoza nalo. "Maso atha, koma manja akudziwabe njira," ankatero.

Kuchipatala anapita mochita kukokedwa. Mnzawo Yakobe, wosoka nsapato pansi pa mtengo wa mango tsidya la msewu, sanathandize konse.

"Amakolowola diso n'kuliika m'mbale, Che Fadili," anatero. "Likawavuta kubwezera, amaikamo la mbuzi. Tikadzakuonani mukuyang'anitsitsa chimanga cha eni m'mbali mwa msewu, tidzadziwa kuti zatheka."

Che Fadili anaseka nawo, koma mtima unali m'mwamba.

Dokotala wa maso anali mayi wamng'ono thupi, dzina lake Chiyamiko, wolankhula msangamsanga ngati minibasi ikumusiya. Anawaikitsa chibwano pa makina, anawawalitsa m'maso, anawathira mankhwala ochititsa dzanzi, n'kukhudza diso lililonse ndi kachipangizo kowala. Atatero analankhula mosazungulira.

"Bambo, muli ndi matenda awiri. Kumanjaku kuli ng'ala. Imeneyo si nkhani, timaichotsa n'kuikamo kagalasi, mawa lake mukuona. Koma maso onse awiri ali ndi gulokoma, ija anthu amati BP ya m'maso. Madzi a m'diso sakutuluka bwino, ndiye akufinya mtsempha woonera. Kumanzere mtsemphawo wadyeka kale, ndipo chodyeka sichibwerera. Diso loti tilipulumutse ndi lamanjali. Presha yake ili pa 34. Ndikufuna itsike kufika pansi pa 21 ndisanayerekeze kuchotsa ng'ala."

Anawapatsa kabotolo ka mankhwala odontheza, n'kulemba pa kabokosi kake ndi bolopeni: 6 m'mawa, 6 madzulo, dontho limodzi diso lililonse. Anawauza kuti abwerenso pakatha mwezi.

Masabata awiri oyamba, Blantyre yense analibe wodwala womvera ngati Che Fadili. Munthu wa muyezo anali atapatsidwa muyezo, ndiye vuto likanachokera kuti? Wailesi ikangoti sikisi koloko, dontho lili m'diso. Pakapita kanthawi kukhosi kunkatsikira kuwawa kwa ndulu, koma ankangotsitsira ndi tiyi.

Kenako mwezi unaoneka, Ramadhani inayamba.

Tsiku loyamba la kusala anadya dakwi, chakudya cha m'bandakucha chija, anakaswali kumzikiti, n'kubwerera kunyumba kunja kutayera. Sikisi itakwana anathira dontho monga mwa masiku onse. Anakhala pa makina, anagwira nsalu, ndipo mwadzidzidzi anakumva kuwawa kuja kukutsika kukhosi. Anadzuka ngati wakhalira singano. Analavula kuseri kwa nyumba mpaka m'kamwa munauma, koma mtima unawauza kuti china chake chadutsa kale. Che Fadili anayamba kusala ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anasala chaka chimene anadwala malungo, anasala zaka zimene ankasoka maovololo m'fakitale ya ku Makata, pansi pa malata otentha. Palibe dontho linadutsapo pakhosi pawo dzuwa lili kunja, ndiye lero lidutsire m'diso?

Tsiku lonse anasinkhasinkha. Kabokosi kakuti sikisi. Kusala kukuti pakhosi pasadutse kanthu. Munthu wina aliyense akanangoti, nanga ndikathira pa dakwi, kusanache? Koma maganizo amenewo sanafike n'komwe m'mutu mwa Che Fadili, chifukwa kwa iwo chimene katswiri walemba sichisunthidwa. Kasitomala wosuntha chizindikiro cha choko pa nsalu ankamuthamangitsa, ndiye iwo akasunthe bwanji nambala ya dokotala? Kufunsa a shehe kunalipo, koma ankaopa yankho. Ankaopa kuuzidwa kuti, "Ndinu odwala, Che Fadili, siyani kusala," n'kumadya masana ngati kamwana, iwo amene amasokera shehe yemweyo mikanjo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mbewa imeneyi inali ndi ndevu zoyera.

Njira imene anapeza inali ya munthu wanzeru amene nzeru zamusokoneza. Abiti anali ndi chizolowezi choyang'ana kabotolo padzuwa kuti aone ngati mankhwala akutsika. Choncho sikisi ya m'mawa ikakwana, Che Fadili ankatenga kabotolo, n'kupita nako kuseri kwa bafa kumene kunali phata la nthochi, n'kudonthezera pamenepo madontho awiri, la diso lamanja ndi la lamanzere. Madzulo, akamasula kusala, Abiti akawathira dontho, iwo ankawonjezera lachiwiri mobisa kuti zikwanire. Dontho lachiwirilo linkangoyenderera patsaya, koma m'masamu awo zinthu zinali zolongosoka. Mutu utayamba kuwawa cha pamwamba pa diso lamanja, anati ndi njala.

Tsiku lobwerera kuchipatala, Abiti anavala diresi lawo labuluu. Anakwera minibasi m'mamawa, anakhala pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu, dzina lawo n'kuitanidwa. Dokotala Chiyamiko anayeza diso lamanja, n'kuyezanso kachiwiri. Kulankhula kwake kwa msangamsanga kuja kunachepa, ndipo Che Fadili anazindikira kuti zinthu sizili bwino.

"Ili pa 33," anatero dokotala. "Mwezi wathunthu, yatsika ndi imodzi yokha. Mankhwala mukuthira?"

"Tsiku lililonse, adokotala," anayankha Abiti, akutulutsa kabotolo m'chikwama. "Taonani nokha. Amadzulo ndimathira ndine. Am'mawa amathira okha, ndipo bambo awa nthawi saphonya."

Dokotala anayang'ana kabotolo. Kanali katatsikadi monga kayenera.

"Ngati ndi choncho, ndiye kuti mankhwalawa akukanika," anatero pang'onopang'ono. "Zikatero nkhani imakula. Ng'ala sindingaichotse panopa. Tiyesa mankhwala ena, akakanikanso tiganiza za opareshoni ina yovutirapo. Ndisakunamizeni, bambo, tsiku lililonse limene presha ili pamenepa, mtsempha wa diso lamanjali ukudyeka ngati mmene linachitira linzake."

Che Fadili anamva mantha enieni. Anaona m'maganizo mwawo makina ataphimbidwa ndi chitenje, iwo atakhala pampando pakhonde, akudikira kuti wina awatsogolere kumzikiti ndi ndodo.  Anangonyambita milomo yawo youma.

Dokotala anali atayamba kale kulemba m'kabuku ka kuchipatala, koma anaima. Anayang'ana milomo ija, anayang'ana mzuli umene unali kumutu kwawo, kenako anayang'ana kalendala pakhoma.

"Bambo, mwasala?"

"Ndasala."

"Lero ndi tsiku lachingati?"

"Lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi."

"Mankhwalawa amawawa kukhosi, eti?"

"Ngati ndulu."

Dokotala anaika bolopeni pansi. "Ndiye dontho la m'mawa mumathira kuti?"

 Panja pankamveka nesi akuitana mayina. Bodza lilibe mwendo, ndipo Che Fadili sanali munthu wozolowera kuliyendetsa.

"Pa nthochi," anatero chapansipansi.

"Pa chiyani?" anafunsa Abiti.

"Pa nthochi ya kuseri kwa bafa."

Abiti anatembenukira kwa amuna awo. Sanakweze mawu, chifukwa si khalidwe lawo pagulu. "Masabata awiri," anatero. "Ine kumayang'ana botolo padzuwa ngati wopusa. Ndiye kuti nthochi imene ija ikuona bwino kuposa tonse ku Ndirande."

Che Fadili anaweramitsa mutu, akudikira kukalipiridwa ndi mwana wa msinkhu wa mwana wawo. M'malo mwake anamva dokotala akupuma mpweya wautali, kenako akuseka.

"Bambo, mwandiuza nkhani yabwino kuposa zonse za lero. Ndimaopa kuti mankhwala akanika. Kani mankhwala alibe mlandu, angopita kolakwika." Anakokera mpando wake pafupi. "Za chipembedzo sindilowererapo, zimenezo mukafunse a shehe. Ine ndikuuzani za diso. Sikisi ameneyu ndinalemba ndine, ndi bolopeni iyi. Chimene diso likufuna ndi dontho m'mawa ndi dontho madzulo, osadumpha. Dakwi mumadya nthawi yanji?"

"Folo koloko."

"Thirani pamenepo, musanayambe kusala. Linalo mukamasula. Limodzilimodzi, osati awiriawiri. Diso si ndowa."

Che Fadili anadzutsa mutu. "Zimatheka kusuntha?"

"Zimatheka. Ndipo mlandu wina ndi wanga. Chaka chilichonse mwezi uno ndimapeza anthu angapo ochita ngati inu, ndiye ndikanayenera kukufunsani tsiku loyamba lija." Anagwira chala cha Che Fadili n'kuchiika pakona ya diso, pafupi ndi mphuno. "Apa pali kangalande kakang'ono kotsikira m'mphuno mpaka kukhosi. N'chifukwa chake munthu akalira, mamina amatuluka. Mukathira dontho, tsinzinani, dinikizani pamenepa mphindi ziwiri. Mankhwala atsala m'diso momwe akufunika, ndipo ndulu ija simuimvanso."

Che Fadili anakhala chala chili pakona ya diso ngati mwana wa sukulu. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zinayi akuyenda ndi kangalande kumaso osakadziwa. Kenako anatambasula dzanja, n'kupereka kabokosi.

"Lembani, adokotala."

"Ndakuuzani kale, bambo."

"Lembani. Cholembedwa ndi cholembedwa."

Dokotala anakhwatcha 6 wa m'mawa n'kulemba 4. Che Fadili sankatha kuona nambalayo, koma anamva bolopeni ikukanda pepala, ndipo katundu amene anamusenza masabata awiri anatsika pamapewa. M'minibasi pobwerera Abiti sanawalankhule mpaka pa siteji. Potsika anawagwira mkono monga mwa nthawi zonse, n'kunena kuti kuyambira mawa kabotolo kazikhala m'chikwama mwawo.

Masiku otsala a Ramadhani anasala onse, osaphonya ndi limodzi lomwe, ndipo mankhwala sanaphonyenso. Abiti ankathira, Che Fadili ankadinikiza pakona ya diso, kukhosi kuli bwinobwino. Mutu unasiya kuwawa. Idi itadutsa anabwerera kuchipatala, ndipo dokotala atayeza ananena nambala imodzi yokha: 17. Anawauzanso zoona zake, kuti masabata a nthochi aja anadya kachidutswa ka m'mbali mwa diso lamanja, ndipo kameneko sikadzabwerera. Pakati ponse panali pamoyo. Che Fadili anavomera ndi mutu. Telala amadziwa kuti nsalu ukaidula molakwa sulumikiza, umangosamala yotsalayo.

Opareshoni inachitika Lachiwiri la sabata yotsatira. Anagona chagada ataphimbidwa nsalu kumaso, ali maso, akumva dokotala ndi nesi akukambirana za mvula imene inakokolola mlatho wa kwawo kwa nesiyo. Anadikira kuti amve diso likugwera m'mbale ya Yakobe, koma sanamve kanthu kupatula madzi ozizira ndi kuwala. Asanamalize kudikira anauzidwa kuti zatha. Anachoka ndi thonje ndi kachivindikiro pa diso, Abiti akuwatsogolera.

M'mawa mwake nesi anamatula pulasitala pang'onopang'ono, n'kupukuta chikope ndi thonje lonyowa.

"Tsegulani, bambo."

Poyamba kunali kuwala kokhakokha, misozi n'kutuluka. Kenako zinthu zinayamba kukhala m'malo mwake. Anaona mizere ya matailosi pansi, yowongoka bwino. Anaona zilembo pakhoma, ndipo anawerenga mpaka mzere wachisanu asanafunsidwe. Anaona kuti dokotala Chiyamiko, amene ankamudziwa ndi mawu okha, ali ndi kachipsera pachibwano. Chimwemwe chinawadzaza pachifuwa, anangoti, "Alhamdulillah," kawiri, motsitsa.

Atatero anatembenukira kwa Abiti.

Nkhope anaiona, ndi imvi zimene zinatulukira m'mphepete mwa mpango, zimene sanazidziwe. Koma diso la telala silikhalitsa pankhope. Linatsikira pa diresi labuluu lija. Mkono wamanja unali wautali kuposa wamanzere ndi zala zitatu. Msoko wa m'mbali unkayenda mokhotakhota ngati njira ya ku Machinjiri nthawi ya dzinja. Mpendero unali wokwera kutsogolo, wotsika kumbuyo, ndipo kuyambira pakhosi mpaka pansi, pa nsalu yabuluu, panadutsa ulusi wobiriwira.

"Abiti," anatero Che Fadili, "diresi ili anasoka ndani?"

"Telala wanga."

"Mwakhala mukuvala chimenechi chaka chathunthu?"

"Pa Idi ziwiri, ku ukwati wa ku Bangwe, ku chinkhoswe cha mwana wa a Yakobe, ndi kuno konse."

"Anzanu sanakusekeni?"

"Anaseka," anatero Abiti. "Ndinawauza kuti ndi sitayilo ya ku Dar es Salaam. Awiri anafunsa kuti mungawasokere."

Nesi anaseka mpaka anagwira khoma. Che Fadili sanaseke. Anamvetsa tsopano kuti mawu awo aja, akuti manja akudziwabe njira, anali kuyenda pa msana wa mayi ameneyu chaka chonse, m'misewu ya Ndirande, pamaso pa anthu odziwa kusoka ndi odziwa kuseka. Manyazi ndi chikondi zinawagwira pamodzi, ndipo misozi inatsika ya mtundu wina.

"Osatikita diso, bambo," anatero dokotala. "Lirani, koma manja pansi. Makina musawagwire masabata atatu. Ndipo mankhwala a gulokoma ndi a moyo wonse, Ramadhani ikhalepo kapena isakhalepo."

"Lembani," anatero Che Fadili, akupukuta mphuno.

Masabata atatu anawasunga ngati muyezo. Yakobe ankabwera tsiku lililonse ndi tsamba la chimanga kudzawayesa ngati anawaika diso la mbuzi, ndipo tsiku lililonse ankauzidwa kuti nsapato imene wanyamula wasoka mokhota. Tsiku la makumi awiri ndi chiwiri, dontho la m'mawa litalowa, Che Fadili anavundukula makina, anawapukuta fumbi, anathira mafuta. Anasankha ulusi wabuluu, anauyang'anitsitsa padzuwa kuti ndi wabuluudi, n'kunyowetsa nsonga yake ndi malovu.

Abiti anali ataima pakhomo, manja atapukuta kale, akudikira kuitanidwa. Ulusi unaphonya koyamba. Unaphonyanso kachiwiri. Kachitatu unalowa, n'kutulukira mbali inayo, ndipo pakhonde sipanamveke dzina la munthu.

Abiti analowa m'nyumba. Atatuluka anali atavala chitenje ndi bulauzi, diresi labuluu lili pamkono. Analiika pa makina.

"Mkono wokhawo," anatero. "Mpendero muusiye. Ndinauzolowera."